Thabwa la a Kachingwe

1. Zilembo za nthiti

Pa Balaka panalibe munthu wosadziwa dzanja la a Sabiti Uladi. Kuyambira kusiteshoni ya sitima mpaka kumsika, sitolo, chigayo, ngakhale kanyumba kometeramo tsitsi, chikwangwani chake analemba ndi iwo.

Alembi ena ankagula burashi yofewa m'sitolo, zilembo zawo n'kumatuluka zosalala ngati za m'buku. A Sabiti ankapanga okha burashi yawo ndi ubweya wa kumchira wa ng'ombe, ataumanga ndi waya pakamtengo. Ubweya umenewu ndi wokhakhala. Ukauviika mu penti wokhuthala n'kuukoka pathabwa, umasiya timizere totumphuka m'kati mwa chilembo, ndipo kumapeto kwake penti amathera pang'onopang'ono ngati podutsa tsache pamchenga. Penti akauma, timizereto timalimba gwa.

Anthu ankati zimenezi ndi zilembo za nthiti. Ngakhale wosadziwa kuwerenga ankaloza n'kunena kuti, "Apa padutsa a Sabiti." Ankawatama choncho. Koma kudziwika masiku amenewo sikunali mwayi.

Mwana wawo wamkazi, Sakina, anali mu Sitandade 7. Kuyambira ali wamng'ono ankatsuka maburashi ndi parafini, ndipo pang'onopang'ono anaphunzira kukoka chilembo ngati abambo ake. Iwo ankati akaona ntchito yake amagwedeza mutu.

"Dzanja lilipo," ankatero. "Koma mtima wako umathamanga kusiya dzanjalo m'mbuyo."

2. Chenjezo

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuwotcha, a Sabiti anaitanidwa ku boma la Kasupe, komwe lero timati Machinga, kuti akalembe zitseko za maofesi. Atamanga maburashi m'kathumba, anaitanira Sakina m'chisakasa cha kuseri kwa nyumba momwe ankagwirira ntchito. Analoza kudenga. Pamwamba pa mitanda panagona thabwa lalitali, nkhope yake itayang'ana kuudzu.

"Khala pansi, mwanangu," anatero. "Thabwa limenelo usalikhudze. Ndi la a Kachingwe, amene anali ndi golosale ku Rivirivi. Munthu ameneyo ndinadya naye mbale imodzi, iye Mkhristu, ine Msilamu. Ndinamulembera dzina lake ndi penti wofiira, burashi yanga yatsopano. Tsiku lina munthu wina wosilira golosale ija anakanena kuti a Kachingwe amagulitsa mchere kwa zigawenga za m'mapiri. Landirova inabwera masana anthu akuona. Mpaka lero. Palibe manda, palibe uthenga.

"Akazi awo anandipempha kuti nditsitse chikwangwanicho, chifukwa dzina lija linali litasanduka mlandu. Ndikanalitentha, koma dzanja linakana. Dzina limenelo silitchulidwa pamsewu, Sakina. Amene ankagula sopo pagolosale ija lero amalumbira kuti sanaionepo. Ukalitchula, afunsa kuti unalimva kwa yani. Ukati kwa ababa, abwera kudzanditenga. Mlandu suola.

"China ndi cha ntchito yathuyi. Penti saiwala. Ukafuna kulemba pathabwa lakale, uyambe walipala ndi phale la botolo mpaka uone mtengo weniweni. Zala zipweteke, tsiku lithe, koma upale. Ukangophimba pamwamba, zakale sizifa iyayi. Zimagona pansi kudikira tsiku lake. Zilembo zangazi makamaka, nthiti zake sizibisika.

"Chomaliza ndi anthu. Usauze mnzako za m'nyumba muno, ngakhale amene mumagawana naye chimanga chootcha. Masiku ano mwana akunenera atate ake, mlamu akunenera mlamu. Wokusekerera m'mawa ndi amene amaloza khomo lako madzulo. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

"Kumva n'kwa khutu. Tidzaona dzanja."

Ananyamula kathumba kawo n'kupita kukakwera basi. Anati abwera Lachinayi masana.

3. A tcheyamani afika

Lachinayi m'mawa panjira panamveka belu la njinga. Anali a Bizwick, tcheyamani wa nthambi ya chipani, ndi anyamata awiri a malaya ofiira m'mbuyo mwawo. A Kulusumu, amayi a Sakina, anasiya mbale zomwe ankatsuka n'kugwada.

"Odi muno! Mlembi wathu ali kuti?" anafunsa a Bizwick, osatsika panjinga.

"Apita ku boma, a tcheyamani. Abwera masana ano."

"Bola abwere. Mawa pamsewu wathu padutsa mlendo wamkulu wa chipani. Tamanga chipata cha mitengo ndi masamba a kanjedza. Pamwamba pake pakufunika thabwa lalitali lakuti TAKULANDIRANI KU BALAKA. Zilembo za nthiti zija, osati zoseweretsa ana. Anyamata adzatenga m'mawa."

"Matabwa atha, a tcheyamani," anatero a Kulusumu. "Lomaliza analembera a chigayo."

A Bizwick anaseka, n'kutembenukira kwa anyamata awo. "Mwamva? La chigayo lilipo, la chipani palibe. Kodi a Kulusumu, nyumba ino imapemphera kuti mlendo wathu adutse ngati wakuba, popanda womulonjera?"

"Iyayi! Iyayi, sindinatero!"

"Simunatero. Ndiye tionana m'mawa. Thabwa likapanda kupezeka, mudzakafotokoza nokha kwa amene amadziwa kufunsa."

Belu linaliranso, iwo n'kumapita.

Basi ya masana inafika. Sakina anaima pasiteji kuyang'ana aliyense wotsika. A Sabiti munalibe. Kondakitala anati anawaona ku boma, akuluakulu awaonjezera zitseko zina, ndipo abwera ndi basi ya mawa.

A Kulusumu atamva anagwira pakamwa. Kenako anafunda nsalu n'kuyamba kuzungulira kwa akalipentala kufuna thabwa. Koma mbiri inali itafika kale kuti a tcheyamani anaima pakhomo pa a Sabiti. Wina anati matabwa ake ndi aawisi. Wina anati ndi a bokosi la maliro. Wina anatumiza mwana kudzanena kuti kulibe, chonsecho phazi lake likuoneka pansi pa chitseko. Onsewa zikwangwani zawo analemba ndi a Sabiti.

4. Ndowa ya laimu

Amayi ake ali kumeneko, Sakina anakhala yekha m'chisakasa. Maso ake ankapita kudenga n'kubwerera, kupita n'kubwerera.

Kenako panafika Gladys, mnzake wa benchi imodzi kusukulu. Gladys anali mwana wa mlongo wa a Bizwick.

"Iwe, nkhope imeneyo bwanji, ngati wameza udzudzu?" anafunsa Gladys.

"Amalume ako akufuna thabwa. Ababa kulibe, thabwa palibe."

Gladys anayang'ana kudenga. "Nanga ilo ndi chiyani, mphasa?"

"Limenelo ndi loletsedwa."

"Loletsedwa ndi yani? Iwe Sakina, amalume ukuwadziwa akakwiya. Kodi suja umadzitama kuti umalemba ngati abambo ako? Kapena zinali zapakamwa?"

Sakina anaimirira. Anakwera pamgolo, Gladys atagwirira, ndipo awiriwo anatsitsa thabwalo. Litatembenuzidwa, zilembo zofiira zinawala ngati zalembedwa dzulo.

"Ka-chi-ngwe," anawerenga Gladys. "Ndani ameneyu?"

"Tsitsa mawu! Ndi munthu chabe. Anasamuka."

Sakina anaswa botolo n'kuyamba kupala. Penti anali wolimba ngati fupa. Anapala, thukuta likugwera pathabwa, koma atawerama nthawi yaitali anali atangochotsa mwendo umodzi wa chilembo choyamba. Phale linaterereka n'kumucheka chala. Magazi anadontha.

"Mmene ukuchitiramu udzamaliza mlendo atakalamba," anatero Gladys. "Bwanji osangopaka laimu? Anyamata a amalume ali ndi ndowa zodzaza, akupaka miyala ndi mitengo ya m'mbali mwa msewu. Amauma msanga, woyera mbuu. Angaone ndani?"

"Ababa anati ndipale mpaka mtengo."

"Ababa, ababa! Ali pano ababawo? Mawa anyamata akafika uwapatse chala chochekekacho?"

Sakina anayang'ana thabwa, anayang'ana dzuwa lomwe linali litapendeka. Anaika phale pansi.

"Katenge laimuyo," anatero.

Anapaka kawiri. Laimu atauma, thabwa linayera ngati nsalu yopitira kumzikiti Lachisanu, dzina lija osaonekanso. Sakina anakoka chingwe cha choko chowongolera zilembo, anaviika burashi yotsala ya abambo ake mu penti wakuda, n'kuyamba. Zilembo zinatuluka zopendeka bwino, za nthiti, michira yake yothera pang'onopang'ono. Gladys anaomba m'manja.

"Usauze munthu," anatero Sakina.

"Ine? Ndilumbire?" Gladys ananyambita chala n'kuloza kumwamba, kenako anathamangira kwawo.

A Kulusumu atabwera chimanjamanja, anaona thabwa loyera, anayang'ana kudenga pomwe panali mpata. Anakhala pansi.

"Sakina! Walitsitsa?"

"Panalibe lina, amama."

"Wapala?"

"Ndapala."

"Mpaka mtengo?"

"Mpaka mtengo," anayankha Sakina, akubisa chala kumbuyo.

5. Chizimalupsa

M'mawa anyamata a malaya ofiira anadzanyamula thabwa. Sanafunse kuti walemba ndani. Analikhomera pamwamba pa chipata, pamsewu waukulu.

Sukulu zonse zinatsekedwa. Ana anaimikidwa m'mizere mbali zonse za msewu, Sakina ndi Gladys ali kutsogolo pafupi ndi chipata. Amayi ovala nsalu za chipani ankavina, ng'oma zikulira. Masitolo anatseka, msika unatseka, pakuti wopezeka akugulitsa tsiku lotere ankamenyedwa. Anthu ankayang'ana thabwa n'kumati, "A Sabiti apa adziposa!"

Dzuwa litakwera, basi yochokera ku boma inaimitsidwa patali chifukwa msewu unali wotseka. A Sabiti anabwera wapansi, kathumba kali paphewa. Atafika pachipata anaima. Anayang'ana utali wa thabwa. Anayang'ana kuyera kwake kosawala. Munthu wa penti safunika kukhudza kuti adziwe laimu.

Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamzere wa ana, n'kuima kumbuyo kwa Sakina.

"Wapala?" anafunsa motsitsa.

Sakina anaweramitsa mutu.

A Sabiti sanafunsenso. Anakweza maso kuyang'ana cha ku Rivirivi. Kumeneko mtambo unali utada bii, ndipo kamphepo kozizira kanayamba kugwedeza masamba a kanjedza. Inali nyengo ya chizimalupsa, mvula yoyamba ija yobwera mosaitanidwa.

"Ya Allah," anatero a Sabiti.

Dontho loyamba linagwa pafumbi. Lachiwiri linagwa padzanja la Sakina. Kenako mvula inakhuthuka. Palibe anathawa, chifukwa anyamata a malaya ofiira anali ndi zikoti, ndipo patali nyali za magalimoto zinali zitaoneka.

"Imbani! Ombani m'manja!" anakuwa a Bizwick.

Ana anaimba. Sakina sanaimbe nawo. Maso ake anali pathabwa.

Laimu akanyowa amasiya kuyera. Thabwa linayamba kutuwa, kenako pansi pake panaoneka kufiira ngati bala pansi pa nsalu yonyowa. Madzi oyera ankatsika ndi mitengo ya chipata. Zilembo zakuda za Sakina, zomwe zinakhala pa laimu osati pamtengo, zinayamba kusendeka zigamba n'kumagwa. Zofiira zija zinatsala, nthiti zake zili poyera, zazikulu, zowerengeka ngakhale patali.

KACHINGWE.

Ng'oma imodzi inasiya. Ina inasiya. Nyimbo inafera m'kamwa mwa ana. Mayi wina wachikulire anaphimba maso ndi nsalu kuti asadzafunsidwe zomwe anaona.

Galimoto yakuda ya mlendo inafika pansi pa chipata n'kuchepetsa liwiro. Galasi linatsika pang'ono. Dzanja linatuluka, linaloza thabwa, kenako linakodola mmodzi wa operekeza. Galasi linakweranso, galimoto n'kupitirira osaima pa Balaka.

6. Landirova

Landirova ya kumbuyo ndiyo inaima. Munatsika amuna awiri a majekete. A Bizwick anathamangira komweko, madzi akutsika m'khosi, chipewa chili m'manja.

"Si ine, bwana! Ine ndinangolamula! Mlembi ndi uyo, Sabiti! Zilembo zake zimenezo, aliyense akuzidziwa!"

"Eya, ndi zake," anatero kalipentala wa matabwa aawisi uja, wosafunsidwa n'komwe.

"Ankadya limodzi ndi chigawengacho," anaonjeza wina.

Anthu anapatuka, a Sabiti n'kutsala okha pakati. Sanathawe. Anatula kathumba kawo pansi.

"Dzina ilo unalemba ndiwe?" anafunsa wa jekete.

"Ndine."

"Unalisunga chifukwa chiyani?"

"Thabwa linali labwino, bwana."

Mbama inalira. Kofia ya a Sabiti inagwera m'matope.

"Ndipo lero walikweza pamwamba pa msewu kuti mlendo alowe pansi pa dzina la chigawenga. Zapamwambazo analemba ndani?"

Sakina anasuntha phazi kutuluka pamzere. "Ababa..."

"Ndine!" anakuwa a Sabiti, mawu awo n'kumiza a mwanayo. "Zapansi ndi zapamwamba zomwe. Laimu ndinapaka ndine. Ulesi wanga. M'nyumba mwanga mulibe wina wogwira burashi."

A Kulusumu anali atafika kumbuyo kwa Sakina. Anamukumbatira n'kumutseka pakamwa ndi chikhatho, mwamphamvu mpaka mano anamuluma mlomo.

Amuna a majekete aja anawamanga manja a Sabiti ndi chingwe. Powadutsitsa pafupi ndi mkazi ndi mwana wawo, sanawayang'ane. Anangolankhula m'Chiyao, motsitsa, ngati akudandaula okha.

"Kasambe m'manja. Parafini ndi mchenga. Burashi usadzaigwirenso."

Anawakankhira m'landirova ngati thumba la chimanga. Thabwa analizula n'kuliponya momwemo, pamwamba pa miyendo yawo. Landirova inatembenuka kulowera cha ku boma. Mvula inali itakata. Anthu anabalalika mwakachetechete, aliyense akuyang'ana mapazi ake, ndipo palibe ngakhale mmodzi anatola kofia ija.

7. Pakhomo

Kunyumba Sakina anakhala kuseri kwa chisakasa ndi botolo la parafini. Penti wakuda anali m'zikhadabo ndi m'mizere ya chikhatho. Anakhula ndi mchenga mpaka khungu linasupuka, bala la chala n'kutsegukanso.

Amayi ake anaima pambali pake, maso ali gwa, osalira.

"Unandinamiza," anatero. "Ukanandiuza zoona, tikanakhala tonse awiri ndi maphale mpaka m'mawa. Manja anayi, zala makumi awiri, tikanapala. Unaopa kuchekeka chala, taona lero chachekeka n'chiyani. Tsopano tamvera. Abambo ako asenza mlandu wako kuti iwe utsale. Ukakatsegula pakamwa, sakawamasula iyayi. Akatenga nonse awiri, ndipo iwo akawaonjezera mlandu wa bodza. Kuyambira lero sudziwa kulemba ndi burashi. Sunaigwirepo. Wina aliyense akafunsa, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi shehe, kaya ndi mnzako, iwe umangotsuka mbale. Alipo wina anakuona?"

Sakina anasiya kukhula. Mchenga unagwa m'manja mwake.

"Ndafunsa, alipo anakuona?"

Asanayankhe, panjira panalira belu la njinga.

A Bizwick analowa mpaka kuseri osaodira. Ulendo uno analibe anyamata. Nkhope yawo inali yotuwa, pakuti nawonso anali atauzidwa kuti akaonekere ku boma, ndipo munthu womira amagwira aliyense ali pafupi. Kudzanja lina ananyamula kathumba ka a Sabiti. Kudzanja lina anagwira mkono wa Gladys, yemwe ankayang'ana pansi, maso atatupa.

"A Kulusumu," anatero a Bizwick, mawu ali ofewa ngati a munthu wodzapepesa maliro. "Chinthu chimodzi chikundisowetsa mtendere. Thabwa anyamata anatenga m'mamawa. Amuna anu ndawaona ndi maso angawa akuchokera kubasi dzuwa litakwera, kathumba aka kali paphewa. Kodi analemba ali ku Kasupe? Dzanja lawo ndi lalitali choncho?"

Fungo la parafini linali ponseponse.

A Bizwick anamasula kathumba, anatulutsa burashi ya mchira wa ng'ombe, anaiviika m'chitini cha penti wakuda chomwe chinali chikadali chotsegula pakhomo la chisakasa. Anaitembenuza, chogwirira n'kuloza kwa Sakina.

"Mwanawe, ndamva kuti uli ndi dzanja labwino," anatero. "Usaope. Tandilembera dzina lako pakhomapa, ndione."

Penti anadontha pansi, pakati pa mapazi a Sakina.